Kabulawuza ka m'Sikelo

Sikeloyi inafika ku Lifuwu pa lole ya bungwe lina
lomwe linatseka ofesi mvula isanagwe kawiri.
Anatisiyira chitsulo, kagalasi kotakata ngati chikhatho changa,
ndi buku la malangizo m'chinenero chomwe kuno palibe amachimva.
Mkati mwake muli sisitemu yopanda abale:
ndikafunsa za iyo pa intaneti amandiyankha anthu atatu okha,
ndipo mmodzi mwa iwo anati zii kuyambira chaka chatha.

A Twaibu anati: Ndaziona, imeneyo njoyezera mpunga basi,
usaiphunzitse kuwerenga.
Koma memore yake ndinali nditaiyeza kale, mamegabaiti sikisitini.
Mabulawuza akuluakulu aja sangalowetsemo ngakhale chala,
amayenda ndi katundu ngati basi ya pa Khirisimasi.

Ndiye ndinatola kakang'ono, kowonda,
n'kuyamba kukapeta.
Makanema, pansi.
Zotsatsa malonda zovinavina zija, pansi.
Mitundu yonse ndinaithira kunja, kutsala wakuda ndi wotuwa.
Ndinapeta mpaka ndinataya ndi mpunga womwe,
kagalasi kanangoti mbee masiku anayi
ine ndili pa benchi, mandasi ozizira m'manja, kukalipira mawaya.

Magetsi anathima kompaila ili pakati pa ntchito,
kawiri, katatu, ndinaleka kuwerenga.
Batire la njinga yamoto ya mlamu wanga
linagwira ganyu yomwe silinalembedwere.

Lachinayi m'mawa kanatsegula tsamba.
Mawu anatsika pang'onopang'ono, mzere ndi mzere,
ngati mwana wa sitandade wani pa bolodi,
koma pa dzina la dziko lathu panali chibowo:
Mala, kabokosi, i.
Kanalibe ŵ.
Ndinachijambula ndekha chilembocho, kadontho ndi kadontho,
tisanu ndi titatu m'lifupi, khumi ndi tiwiri m'litali.
Kachisoti kake kanapendekera kumanzere.
Ndinakasiya choncho.

Tsopano mayi Asiyatu aika thumba la kilombero pachitsulo.
Makilo aonekera pamwamba,
m'munsi mwake mtengo wa lero ku Lilongwe.
Awerenga milomo ikuyenda, chala chili pagalasi,
kenaka acheukira venda wa chipewa chofiira
yemwe dzulo anawalumbirira kuti mitengo yagwa.
Sanena kanthu.
Amanganso thumba lawo, alikweza pa njinga.

Vendayo anandipeza masana:
Sikelo yanuyi yayamba miseche.
Ndinati ilibe poisunga miseche, achimwene,
ikatsegula tsamba lachiwiri imaiwala loyamba.

Kali ndi matenda ake, sindibisa.
Netiweki ikabisala kuseri kwa phiri la Senga
kamangoyang'ana anthu, osaphethira.
Tsamba lonenepa limakatsamwitsa, kamakomoka,
ndimakatsitsimutsa ndi ndodo ya machesi pa kabowo ka kumbuyo.
Mankhusu amalowa m'mabatani,
batani la kubwerera m'mbuyo limafuna chala chachikulu.
Ana asukulu akapempha mpira wa dzulo
kamawapatsa zigoli zokha, popanda wogoletsa.

Usiku wina ndinalembera anthu atatu aja:
kayenda, m'sikelo, ku Salima.
Nayi fayilo, nachi chilembo chomwe munalibe.
Awiri anathokoza.
Wachitatu, wa zii uja,
patatha sabata anatumiza mizere iwiri:
ali ndi makina okamira ng'ombe kwawo kozizirako,
akufunsa ngati kangalowenso m'menemo,
komanso kuti kachisoti kopendekerako ntchito yake n'chiyani.

Sindinamuyankhebe.
Panja pali mzere wa matumba mpaka pa mjigo,
ndipo a Twaibu akuti ndiyambe ndaona wailesi ya munthu
yomwe yakhala pa shelefu kuyambira Epulo.