Dzanja Lotsala pa Phewa

Ana akagona ndimayala zonse patebulo la kukhitchini:
sizasi, guluu, mapepala amitundumitundu
amene ndinagula motchipa Khirisimasi itatha.
Kunja Saskatoon yense wakwiririka m'chipale chofewa.
Galimoto yokokolola misewu yadutsa kawiri,
nyali yake ikuphethira pamakatani.

Larysa akwanitsa zaka khumi ndi zitatu Lachinayi
ndipo buku lake latsalira m'mbuyo zaka zitatu.
La Taras, mlongo wake, musafunse n'komwe:
likadali mulu wa zithunzi m'bokosi la nsapato.

Tsamba loyamba ndinalimata kalekale.
Kachibangili ka kuchipatala
kongokwana pa chala changa chachikulu,
dzina atalilemba molakwika.
Chaka chachiwiri, keke yooneka ngati bakha
imene inagwa mlomo tisanayatse kandulo.
Chachinayi, katsabola. Alendo onse anapepesa pafoni.
Tinavala zipewa zapepala awiriwiri,
chachitatu tinaveka galu wa a Friesen
ndipo anachitafuna tikuona.

Guluuyu ndi ulimbo weniweni.
Ndakola kandulo yopsa theka,
lisiti la kumalo otsetsereka pa ayezi,
ana asanu ndi anayi, makapu khumi a chokoleti,
ndakola riboni, ndakola dzino loyamba m'kaenvelopu.
Koma kaseko kake kaja kothera m'kutsokomola
sikanatere pa ulimbo. Kanauluka.

Tsamba lachisanu ndi chimodzi ndimalidumpha.
Chaka chimene Wendell anasamuka
ndinakhala pampando uno, mkwiyo uli pakhosi,
n'kumudula pachithunzi mosamala,
kutsata mphepete mwa juzi yake yobiriwira.
Dzanja lokha linatsala.
Lili pa phewa la mwana, zala zinayi ndi wotchi,
ndipo kulichotsa kukanadula ndi phewa lomwe.
Ndinamatapo nyenyezi yagolide. Inamatuka.
Ndinamatapo ina.

Usiku uno masitepe alira.
Watsika atafunda bulangete, akuti akufuna madzi,
koma waima kumbuyo kwanga, akundipumira m'khutu,
akuwerenga zimene ndinalemba m'munsi mwa chithunzi china:
Tsiku lachimwemwe chokhachokha!
"Ndinalira tsiku limeneli," akutero,
"baluni yanga inaphulika m'galimoto."
Ine zimenezo sindikuzikumbuka ngakhale pang'ono.

Watsegula tsamba lija ngati wodziwa njira,
wakanda nyenyezi ndi chikhadabo chopaka utoto wakuda.
"Mwini dzanjali munamuika kuti?"

Bodza linali pafupi, pansonga pa lilime.
Ndadzuka, ndatsitsa chitini pamwamba pa firiji.
Pansi pa mabatani a makhoti amene tinasiya kuvala
Wendell akumwetulirabe,
wopanda dzanja, wopindika pakona.

Palibe walankhula. Iye wagwira, ine ndapaka.
Njira ya sizasi ikuoneka ndithu,
chipsera choyera chotsika mpaka m'chiuno,
ndipo mkono sunakumane bwino ndi dzanja lake.
Ndatola nyenyezi ina kuti ndibise mpatawo.
"Musatero, Amayi."

Watenga cholembera changa chasiliva,
chimene ndimamukaniza masiku onse,
walemba ndi zilembo zake zopendama:
Zaka zisanu ndi chimodzi. Keke inali youma.
Adadi anabwera mochedwa
koma anabwera.

Wakwera kukagona osamwa madzi aja.
Sitima ya tirigu ikulira kutsidya kwa mtsinje,
yaitali, yosafulumira.
Ndatsala ndi masamba atatu opanda kanthu,
tizidutswa ta mapepala tili mbwee pansi,
zala zomatana,
ndi Lachinayi limene sindinaligulire makandulo.
Mawa ndimufunsa yekha
zoti tilembe pa chaka chakhumi.