Liwu Loyamba la Ndaziona

Miyezi khumi ndi isanu ndakhala ndikumunyengerera:
"Nena amama." Iye dovu chuchuchu,
chala m'kamwa, maso pa milu ya tomato.

Tsiku la msika pa Lizulu,
chifunga chisanachoke pamsewu,
ndikuwerengera kasitomala chenji,
kumsana kwanga, m'chitenje,
kunaphulika mawu:
"Bayaka! Bayaka!"
ngati kondakitala wa minibasi.

Anzanga a kabichi anafa nalo phwete.
Ine ndinabweza chenji yopitirira.

Usiku ndinamuyesanso
nditamufunditsa juzi ya bambo ake,
aja anakwera ya ku Balaka chaka chatha
osabwerako.
"Amama, mwanangu. A-ma-ma."

Anandigwira mphuno ndi kadzanja kozizira,
nanong'ona, "Bayaka,"
n'kugona.