Kadzidzi wa Kuseri kwa Nyumba

Usiku woyamba ndinali pasinki,
manja thovu lokhalokha.
Mumtengo uja wa kuseri, umene dzina lake sitilidziwa mpaka lero,
chinalira kawiri. Kenako zii.
Msana wanga unachizindikira mutu usanaganize.

Kuno ndi ku Hexham, Novembala, dzuwa lolowa anthu asanaweruke,
koma ine mwana wa ku Ntcheu
ndinaimba foni kwathu, anthu atagona kale.
"Muli bwanji nonse? Achimwene? Nanga khanda la Esinta?"
"Tili gwa. Watani kodi usiku uno?"
Ndinachita manyazi kunena kuti ndamva mbalame.

Akuzike, wobadwira konkuno,
anabwera ndi buku la kulaibulale lonunkha fumbi.
"Amayi, si mmodzi ayi, alipo awiri.
Mawu akuthwawo ndi wamkazi, akufunsa.
Okokawo ndi wamwamuna, akuyankha."
Ndinati, mwamuna woyankha akafunsidwa?
Ameneyo adzatiphunzitsire bambo ako.
Bambo ake anatsamwa ndi tiyi.

Loweruka Mzati anatola patsinde
timibulu totuwa ngati ubweya wa bulangete lakale.
Ndinakuwa, taya, kasambe m'manja!
Iye anayala nyuzipepala patebulo langa lodyera
nkuyamba kutokosa ndi singano:
nthiti zopyapyala ngati ulusi,
chibwano, timano tiwiri tachikasu,
kachigaza kochepa kuposa chikhadabo changa.
"Amameza zonse, Amayi, zolimbazo nkulavula."
Bambo ake anavala magalasi, anawerama nthawi yaitali.
"Mbewa izi," anatero motsitsa mawu.
"Wadya yekha, yopanda mchere, osaitana anzake.
Uyu ndi wakwathu ndithu."
Anaseka mpaka misozi,
ndipo sindikudziwa ngati yonse inali ya kuseka.

Tinamuona mu Febuluwale.
Tonse anayi, majekete pamwamba pa zogonera,
tochi titaiveka sokosi yofiira kuti tisamuthobwe m'maso,
udzu wouma ndi chisanu ukulira kunsi kwa mapazi.
Anali pamphanda, wamng'ono kuposa mantha anga,
wopanda ngakhale nyanga zija ankaopseza nazo mbalame zinzake.
Anatembenuza mutu, thupi osasuntha,
natiyang'ana ngati ife ndiye malodza.
Pouluka sanadzutse ngakhale tsamba.
Akuzike anandifinya chala. Ndinafinyanso chake.

Kuntchito, kunyumba yosamalira okalamba,
Mayi Pritchard, amene ndinawasambitsa zaka zitatu,
anatsamira mkono Lachiwiri masana,
dzuwa lili phwee pawindo, wailesi ikunena za nyengo.
Palibe mbalame inalira.
Ndinawatseka maso, ndinapinda shawelo yawo,
ndinaganiza za miyezi inayi ya kulira kwa kuseri kuja
imene sinatenge munthu ndi mmodzi yemwe.

Mu Meyi kamwana kanagwa pakapinga,
kampira ka thonje lakuda ndi litsiro, maso tong'o.
Mzati anathamangira katoni.
Bambo Dodd a nyumba yoyandikana anasuzumira pampanda:
"Kasiyeni, make akukaona. Kakwera kokha."
Sitinakhulupirire. Tinatsekera mphaka wawo m'bafa.
Pofika mmawa kanali panthambi yachitatu,
kakutisinzirira ngati sikatidziwa.

Sindinama, nthawi zina akalira mwadzidzidzi
dzanja limapitabe lokha pafoni.
Zimene unayamwa sizituluka ndi buku limodzi.
Koma ndikamachokera ku naiti mbandakucha,
mapazi otupa, yunifolomu ikununkha mankhwala,
ndimalowera cha kuseri, osati kumaso.
Ndimampeza atakhala kale, maso akulemera,
naye wangoweruka.
Ndimati, mwaswera bwanji usiku, anzathu?
Iye amatsegula diso limodzi,
nkulitsekanso.