Usanene

Dzinali anabwera nalo kuchokera ku Linyangwa,
galu wa makutu ogwa, nthiti zochita kuwerengeka.
Ine ntchito yanga n'kumuphunzitsa kunena.

M'mamawa, mame asanaume ku Lifupa,
ndimaponda udzu ndekhandekha
n'kumataya m'njiramo chidutswa cha lamba,
chikhungwa cha chipolopolo, waya wa buleki ya njinga.
Akatola fungo amafuna kuluma,
kuthawa nacho, kudzandiseka ndi mano onse.
Ayi, Usanene. Gona.
Chikhale pakati pa miyendo yako, usachikhudze.
Undiyang'ane basi.

Miyezi itatu. Usipa wa m'thumba
unanunkhitsa buluku mpaka make mwana
anayamba kuliyanika kuseri kwa bafa.
Tsiku lina anangogona yekha, osauzidwa,
mchira wokha ukusesa fumbi.
Ndinamutchula achimwene.

Dzulo tinali kumalire, moyang'anana ndi zigafa za fodya.
Mphuno pansi, chingwe chili nganganga,
kenaka phee, patsinde pa msuku.
Pakati pa miyendo yake, khwekhwe la waya:
mfundo yopota kawiri, nsonga yobwerera kumanzere.
Mfundo imeneyo ndinaiphunzira ndisanamere mano onse,
manja a malume Lufeyo ali pamwamba pa anga,
chaka chomwe njovu zinatidyera chimanga chonse.

Galu akundiyang'ana.
Anzanga akubwera m'mbuyomu,
majombo akuswa masamba ouma.

Ndinapisa m'thumba.
Ndinam'patsa usipa wake.
Iye sanalakwe, wanena.