Nyenyezi ya M'chitini cha Mabatani

Lachisanu m'mawa ku Monkey Bay
amayi ankatimanga pamkono ndi chitenje chimodzi,
ine ndi Twaibu, ngati nkhuku za malonda,
kuti khamu la padoko lisatimeze.
Sitima inkalira kawiri.
Ikalira kachitatu, wotsala watsala.

Pansi, pomwe tikiti yathu inkathera,
tinkagona pa matumba a chimanga cha eni ake,
mutu pa malata, miyendo pa njinga,
fungo la dizilo ndi usipa wouma likutilondola mpaka kumaloto.
Mwera ukalusa, ndowa imodzi
inkayenda dzanja ndi dzanja
ndipo panalibe wofunsa mnzake kuti amapemphera kuti.

Tinkapita ku Likoma kwa bambo,
amene ankakhoma maboti kumeneko
n'kumatumiza ndalama mu envelopu yonunkha phula.

Ulendo wachitatu, titadutsa Nkhotakota,
mkulu wina wa chipewa choluka, Che Msusa,
anamasula mpango wake pang'onopang'ono
ngati muli mankhwala.
Munali kanthu ka manja asanu,
kouma gwa, kokhakhala ngati lilime la ng'ombe,
kofiirira ngati njerwa yosapsa bwino.
"Iyi ndi nyenyezi," anatero,
"ya m'madzi a mchere, ku Nacala uko.
Nyanja yanuyi ilibe."

Ndinapsa mtima m'malo mwa nyanja yathu.
Ili ndi kampango, ili ndi mvuu,
imanyamula sitima yonseyi osadandaula,
ndiye ilibe bwanji?

Komabe ndinafunsa pomwe pali pakamwa pake.
Anaitembenuza: pakati, chakunsi,
imadya chafufumimba.
"Ndipo dzanja likaduka, limamera lina."
Ndinawapatsa dzira langa lowiritsa, ndi mchere wake womwe.
Anaseka mpaka kutsokomola,
n'kundiikira nyenyezi m'manja.

Pa Likoma sitima inaima patali.
Tinatsikira m'kaboti, makwerero akuterera,
ana akulandiridwa ngati mitolo ndi manja osawadziwa,
ine dzanja lina pa chingwe,
lina pachifuwa pomwe ndinabisa chuma changa.
Nditaponda mchenga ndinasuzumira m'deresi:
dzanja limodzi linali litathyoka.

Sindinalire. Che Msusa anali atanena kale.
Ndinaiika m'beseni la bambo,
ndinathira madzi a m'nyanja
ndi mchere wa amayi, kapu yodzaza,
ndipo mcherewo ndinaulipira ndi matako.
M'mawa uliwonse ndinkathamangira kukawerenga.
Anayi.
Mawa lake, anayi.
Twaibu anati yayamba kununkha.
Bambo anaivuula, anaiyanika padenga,
anapukuta manja pa buluku, nati,
"Zimamera zikadali zamoyo, mwanangu."

Chaka chotsatira sitinakwere.
Envelopu inachedwa mwezi, kenako iwiri,
kenako sitima yomwe ija inabweretsa bokosi:
nyundo, sowo, malaya awiri,
ndi mpeni umene ankasongolera pensulo.

Lero ndimasoka mayunifolomu pakhonde la sitolo
ku Mangochi boma, kufupi ndi mlatho,
pomwe Shire amadutsa osapereka moni.
Madzi a mchere sindinawaonebe.
Nthawi zina makina akamagogoda
ndimamva injini ija pansi pa nthiti,
ndipo phazi limaiwala kupalasa.

Dzulo Saujati, mwana wanga wotsiriza,
pofuna batani la buluu m'chitini
anaitulutsa, yopepuka ngati chikonyo.
Anaiwerenga ndi chala, anabwerezanso,
n'kufunsa, "Nanga linalo lili kuti?"

Ndinafuna kumuuza za mpango, za dzira,
za beseni ndi denga,
koma ulusi unali utakodwa m'makina
ndipo mayi wa siketi anali ataima, ndalama m'manja.
Ndinangoti, "Linatsala ku Likoma."

Anaibweza m'chitini mosamala,
pamwamba pa mabatani onse,
nati, "Ndiye tikalitenge Lachisanu."