Jekete la mu Okutobala

Pa kaunjika wa ku Kamuzu Road
Asiyatu akuyesa jekete laubweya,
thukuta kamukamu mpaka m'zigongono.
Wogulitsa akuti, "Mayi, ndi malungo?"

Ayi. Twaibu watumiza tikiti.
Akuti kumudzi komwe akugwira ntchito, kumpoto kwenikweni,
dzuwa limangosuzumira n'kubwerera,
ndipo anthu amalipira ndalama
kuti aterereke paphiri loyera
atamanga matabwa kumapazi.

Kulipira!
Iye anaterereka ulere m'matope a ku Lifuwu,
bondo likukumbukabe.

Magetsi atayaka usiku
watsegula firiji ya mafirizesi,
wapisamo dzanja, akuwerenga chamumtima.
Pa sikisite walichotsa, zala zili gwa.

Masabata awiri, Twaibu?

Pakapepala wawonjezera masokosi,
mapeyala asanu ndi limodzi,
ndi botolo la kambuzi.