Batani Lofufutika

Benchi yanga ili kuseri kwa depoti,
pakati pa wogulitsa majuzi a kaunjika ndi wosoka nsapato.
Nkhungu ikatsika kuchokera ku Kaning'ina
ndimayamba ndaotha zala pa kachitsulo kowotcherera
ndisanang'ambe mimba ya foni yoyamba.

Zaka khumi ndi zinayi pamalo pano
zandiphunzitsa kuwerenga anthu pa mabatani awo.
Nyenyezi ndi hashi zikafufutika,
ameneyo amakhalira ngongole ya mayunitsi, asakunamize ndi tayi.
Batani lofiira likatitimira,
m'nyumba mwake muli wina amene samalizitsa mawu.

Fumbani wa kabaza ankalemba uthenga dzanja lili m'thumba,
akulimbana ndi chitunda cha ku Chiputula, mvula ili waa,
chala chikuyenda chokha ngati mbuzi yodziwa khola:
6 kawiri, 3, 2, kenako 3 katatu,
mpaka "ndafika" atuluke, iye asanafike n'komwe.
Chaka chatha anagula yagalasi.
Tsopano amaima pakhonde la sitolo ya eni,
kuvula magulovesi ndi mano,
kupukuta, kupukutanso,
dontho limodzi la mvula n'kumuimbira apongozi ake.

Anyaluhanga maso anawathawa ali mtsikana.
Iwo amafufuza kanjere kali pa 5,
kamchombo ka foni,
ndipo akakapeza dziko lonse lili pafupi:
kumtunda 2, kumunsi 8, ana kumanzere, mpingo kumanja.
Mwana wawo wa ku Joni anatumiza yaikulu ngati chikhatho.
Anaisisita ulendo umodzi, nati,
"Apa palibe pogwira, ndi mbale yotsukatsuka."
Ndinaitsegula pakamwa kuti iziwawerengera zonse.
Patatha masiku awiri anabwera nayo:
"Tsekaninso, ikuuza minibasi yonse ndalama zanga."

Musandimve molakwa, galasi sindilinyoza.
Likagwa kamodzi pa simenti ya mumsika
ana anga adya sabata yathunthu.
Ndi pagalasi pomwepo pamene ndinaona nkhope ya khanda la mlongo wanga
likuyasamula ku Chitipa, ine ndili pano,
ndipo ndinalikulitsa ndi zala ziwiri mpaka ndinaona mphuno ya bambo athu.
Mabatani sakanatha zimenezo.

Koma dzulo kunabwera a Chipofya,
amene anachekera matabwa ku Chikangawa mpaka zala zinasanduka makungwa.
Galasi silizimva zala zotere, limayesa ndi mtengo.
Kafoni kawo n'komanga ndi mphira,
3 wake anafufutika kalekale, patsala kadzenje kosalala.
Ndinati ndili ndi mabatani atsopano, ndikuikirani ulere.
Anandigwira dzanja.
"Konza potchajira pokha. Apo usakhudzepo.
Ndikakanikiza osachotsa chala, imapita kwa amake Tiwonge."

Ndinawerama. Amake Tiwonge tinawaika ku Zolozolo,
mvula zinayi zapitapo.

Iwo anaseka, mano awiri okha.
"Nambala anaipereka kwa wina.
Amayankha ndi mnyamata wa ku Nsanje, wogulitsa mbatata.
Poyamba ankanditukwana.
Tsopano Lamlungu ndikachedwa amandiflasha yekha,
ati, madala, kwazizira bwanji kumeneko?"

Ndinawotcherera kawaya kamene kanaduka.
Ndalama ndinalandira, sindinama, theka.
Anaponya kafoni m'thumba la jekete osakayang'ana,
chala chili kale pamalo pake.

Madzulo, magetsi atathima ku Katoto konse,
ndinatulutsa yanga, yagalasi, yodula.
Ndinaipendeketsa pa kandulo kuti ndione
ngati pali pamene chala changa chinakumba,
dzina limene ndimalibwerera.
Panali mafuta a chipisi basi.
Ndinapukuta pa buluku,
ndipo inawala ngati sinagwiridwepo ndi munthu.